Malaya Oyera a Kalaliki

1. Makwerero a pabolodi

Aphunzitsi a Chingerezi a Fomu 2 ankadziwika ndi dzina loti a Mwanjira Ina. Sankatha kunena chinthu kamodzi n'kuchisiya. Akati, "Khalani chete," ankaonjezera kuti, "Mwa njira ina, tsekani pakamwa." Akati, "Mwachedwa," ankatinso, "Mwa njira ina, dzuwa lakusiyani panjira." Ana ankawakonda. Mwa njira ina, ankawaseka.

Tsiku limenelo anajambula makwerero pabolodi. Pamwamba analembapo mawu akuti work. Pansi pake analemba labour, kenako toil, kenako drudge. Pansi penipeni analemba slave.

"Mawu onsewa ndi pachibale," anatero akusasa choko m'manja. "Onse akunena za kugwira ntchito, koma salemera mofanana. Work ndi kugwira ntchito basi, monga ndikuchitira ine panomu. Labour ndi ntchito yofuna mphamvu, ya thukuta. Toil ndi pamene mphamvu zatha koma ntchito isanathe. Drudge ndi ntchito yobwerezabwereza, lero, mawa, mkuja, popanda wokuthokoza. Nanga slave?"

"Ndi ife pa tsiku losesa, aphunzitsi!" anakuwa mnyamata wina kumbuyo.

Kalasi yonse inafa nacho chikhakhali.

"Mwa njira ina, iwe ukasesa wekha mawa," anatero aphunzitsi. "Tsopano mverani. Mawu sakhala m'buku mokha. Ali ndi miyendo, ali panja apo. Mukhale awiriawiri. Mukaweruka mupite pamalo pomwe anthu akugwira ntchito, mukawayang'ane bwinobwino, aliyense mukamuike pa sitepe yake."

Pa desiki yakutsogolo pankakhala mtsikana amene anzake ankamutcha Dikishonale, chifukwa mawu ovuta onse ankawadziwa. Pofupikitsa ankangoti Diki. Ankakhala ndi mnzake watsopano wochokera mbali ina ya tauni, amene anapatsidwa dzina loti Wailesi sabata yake yoyamba isanathe. Batani lomuzimitsira palibe amene analipeza.

"Iwe, tipite kudepoti kwa bambo ako," anatero Wailesi. "Si umati ndi kalaliki kumeneko? Iwowo tikawaika pamwamba. Otsalawo tikawatola pabwalo pomwepo. Mwinanso akatigulira zoziziritsa kukhosi."

Diki anavomera msanga. Kudepotiko anali asanapondeko, chifukwa bambo ake ankati kumachuluka malole. Koma za ntchito yawo ankazidziwa, ndipo kalasi yonse inali itazimva kangapo. M'mawa uliwonse ankatuluka atavala malaya oyera, ositidwa ndi mayi ake, m'thumba muli zolembera ziwiri, chofiira ndi chabuluu. Madzulo ankabwera malayawo ali mbee, ngakhale pakolala osada.

Chokhacho chinali chakuti masiku amenewa anali atasiya kunyamula mng'ono wake wa Diki paphewa. Ankati mpando wa muofesi unawapha msana.

2. Chenjezo la pageti

Depoti inali chinyumba chachitali cha malata, chodzaza ndi matumba a mpunga ndi a shuga osanjidwa mpaka kudenga. Pabwalo panaima lole. Kuchokera pansi kukafika mulolemo munali mutayedzamitsidwa thabwa lalitali, losalala chifukwa cha mapazi a anthu.

"Usanene kuti ndine mwana wawo," ananong'ona Diki. "Ndikufuna tiwadzidzimutse."

Pageti anawalandira a Kapitawo, bambo wa imvi, wamapewa aakulu. Khosi lawo linali louma gwa. Akafuna kuyang'ana kumbali ankatembenuka thupi lonse ngati chitseko. Wailesi anafotokoza za ntchito ya kusukulu, n'kufotokozanso zina zomwe sanafunsidwe.

"Chabwino, lowani," anatero a Kapitawo. "Koma mutchere khutu, ana inu, chifukwa pano si pabwalo la masewera. Muziyenda kunja kwa mzere wachikasu uwo. Musatsamire matumba. Musadutse kumbuyo kwa lole. Koma chachikulu ndi ichi. Munthu akasenza thumba, musamuitane. Kaya mukumudziwa, kaya wagwetsa kanthu, kaya muli ndi uthenga wotani, dikirani atule. Thumba lija limakhala pakhosi ndi pamapewa. Munthu akamva kuitana, khosi silifunsa mwini wake, limangotembenuka lokha. Koma thumba silitembenuka naye. Mukundiona ine? Ndinali pathabwa ngati ilo, ndili mnyamata wa mphamvu zanga. Mnzanga wina anandikuwira kuti timu yathu yagoletsa chigoli. Uthenga wabwino ndithu. Kuyambira tsiku limenelo, ngakhale mkazi wanga ndimamuyang'ana ndi thupi lonse. Pano moni timapatsana munthu akatula. Mwamva?"

"Tamva, bambo," anayankha onse awiri.

Koma Wailesi anali akuyang'ana mlonda yemwe ankawodzera pampando, n'kumafunsa chapansipansi ngati ameneyo angakwane pa makwerero aja. Diki naye maso ake anali pa zenera la ofesi, kufunafuna malaya oyera.

Pazenerapo panali mtsikana wovala magalasi, akugogoda kompyuta. Muofesimo munalibe munthu wina.

"Mwina awatuma," anatero Diki.

3. Chipewa cha thumba

Anakhala pa mapulanga pafupi ndi mpope wa madzi n'kuyamba kuonerera.

Onyamula katundu anali ndi kavalidwe kawo. Aliyense anali atatenga thumba lopanda kanthu, n'kulowetsa ngodya imodzi mu inzake, n'kulivala kumutu ngati chipewa chofika kumsana. Nkhope sizinkaoneka. Amuna awiri ankakweza thumba pamodzi, wachitatu n'kuwerama kulilandira. Kenako ankakwera thabwa lija, thabwalo likunjanja, n'kukatula mulole.

"Wamkulu woimbayo ndi labour," anatero Wailesi akulemba m'kope. "Taona, mphamvu zikuchita kumutsalira. Nanga wochedwayo? Wowonda uja, wakumapetoyo. Taona miyendo ikunjenjemerera! Ameneyo ndi toil."

Diki anamuyang'anitsitsa munthuyo. Ankayenda pang'onopang'ono, akuika phazi mosamala. Akatula, sankaimba, sankaseka, sankadandaula. Ankangobwerera pamzere n'kuweramanso.

"Ayi," anatero Diki. "Wa toil amakhala akulimbana nayo ntchito. Uyu anasiya kale kulimbana. Lemba drudge."

"Eee, Dikishonale walankhula," anatero Wailesi, n'kulemba.

Posakhalitsa belu lopumira linalira. Amuna aja anabalalika kufuna mthunzi. Wowonda uja analunjika kumpope, pafupi ndi atsikanawo. Anatsegula madzi, nawerama, navula chipewa chake cha thumba.

Anali bambo ake a Diki.

Tsitsi lawo linali loyera ndi fumbi. Anavala sikipa yong'ambika paphewa, ndipo pong'ambikapo pankaoneka khungu lakuda, lokhuthala ngati chikopa. Atadzutsa mutu, maso awo anakumana ndi a mwana wawo. Madzi anapitiriza kudontha m'zala zawo.

Wailesi anali asanawaonepo. Anaimirira mwaulemu.

"Wawa, bambo. Ife ndife ana a sukulu. Tikufuna a kalaliki a pano, bambo ake a mnzangayu. Kodi apita kuti?"

Bambowo anayang'ana Diki n'kudikira. Sanakwinye nkhope, sanamukodole. Anangodikira, monga munthu amadikirira pakhomo akaodira.

Diki anazyolika, maso ali pa nsapato zake za sukulu.

"Atuluka pang'ono, mwanawe," anatero bambowo potsiriza.

"Aa, tachita tsoka. Koma tikufunseniko inuyo. Ntchito imeneyi mumaikonda?"

"Ine ayi. Koma iyoyo imandikonda kwambiri. Tsiku lonse imangondikumbatira pakhosi."

Wailesi anaseka mpaka kugwira m'mimba. Bambowo anamwetulira pang'ono, natseka mpope bwinobwino. Anavalanso chipewa chawo n'kukakhala okha kuseri kwa lole.

"Madala oseketsa bwanji!" anatero Wailesi. "Dikira, ndikamufunse mtsikana wa muofesi uja kuti bambo ako abwera nthawi yanji."

4. Mawu a Kapitawo

Diki anatsala yekha. Kuseri kwa mpope kunali kachipinda kosinthiramo zovala, chitseko chake chili pululu. Pamsomali panali hang'ala, ndipo pahang'alapo panali malaya oyera, okutidwa ndi pepala la pulasitiki kuti asalowe fumbi. M'thumba munali zolembera ziwiri, chofiira ndi chabuluu.

"Mphumi imeneyo ndinaikayikira pageti pomwe paja."

Anali a Kapitawo. Anakhala pa mapulanga movutikira n'kutembenuka thupi lonse kuti amuone.

"Ndaona zonse, mwana wanga. Usalire kaye, mvera. Bambo ako analidi kalaliki pano, ndipo anali kalaliki wabwino. Kenako eni ake anabweretsa kompyuta, ntchito ya mabuku n'kutha. Anawauza kuti azipita. Ena akanapita kukakhala kunyumba n'kumatukwana dziko. Iwo anabwera kwa ine n'kundipempha thumba lopanda kanthu. Ndinawauza kuti, a Kalaliki, msinkhu wanuwu si woyambira ntchito ino. Anandiyankha kuti ali ndi mwana wa mutu wakuthwa, ndipo mwana ameneyo sasiya sukulu iwo ali moyo.

"Za malayazi ndinawaletsa. Ndinati, auzeni ana anu zoona, ana si alendo. Sanandimvere. Pamenepo analakwa, ndipo ndimawauza pamaso. Ankaopa kuti udzachita nawo manyazi. Ine ndinkawatsutsa kuti mwana wobereka wekha sangatero. Lero wandigonjetsa pa mtsutso umenewo.

"Sindikukutukwana ayi. Ndiwe mwana, unadzidzimuka. Koma mvetsa ichi. Mnzako wa kusukulu uli naye lero, mawa adzakwera basi yake. Akakuseka, kusekako kudzatha belu likalira. Bambo ako ndi omwewo mpaka kalekale. Thumba la mpunga amalitula likafika mulole. Chomwe wawasenzetsa iwe pampope paja sindikudziwa kuti akachitula kuti. Usatuluke pageti lija usanawapatse moni wa mwana."

Belu linaliranso. Dalaivala wa lole anayamba kuimba hutala. A Kapitawo anadzuka n'kupita kukakonza mzere.

Diki anapukuta misozi ndi kolala ya yunifolomu. Pamzere paja, bambo ake anali atawerama kale.

5. Ababa

Wailesi anabwera akuthamanga, nsidze zili m'mwamba.

"Iwe Diki, zikundisokoneza. Mtsikana uja akuti pano kalaliki ndi iye yekha, wina palibe. Akuti mwina tasochera depoti. Kodi bambo akowo amagwira kuti kwenikweni? Kapena unkatinamiza?"

Panali mayankho ambiri osavuta. Diki akanatha kunena kuti anawasamutsira kwina. Akanatha kunena kuti mtsikanayo ndi watsopano. Mawu sankamusowa, ndiye chifukwa chake anali ndi dzina lija.

Anaimirira.

"Fufuta zimene ndinakuuza kuti ulembe zija," anatero. "Bambo anga ndi awo."

"Ati?"

"Awo ali pathabwawo. Amene unaseka nawo aja."

Wailesi anatsegula pakamwa, koma Diki sanamudikire. Anafuna kuti amve Wailesi, amve mtsikana wa muofesi, amve mlonda wowodzera uja, amve bwalo lonse. Koposa onse anafuna kuti amve iwowo, nthawi yomweyo, asanapondenso phazi lina ndi mawu aja a pampope. Anadumpha mzere wachikasu n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse.

"Ababa!"

Bambo ake anali pakati pa thabwa, thumba lili pakhosi.

Anatembenuka.

Zinachitika monga ananenera a Kapitawo. Mutu unapita kwa mwana, thumba linapita kwake. Phazi linaphonya m'mphepete mwa thabwa. Anagwa chammbali pa simenti, thumba n'kuwagwera pamwamba. Linaphulika, mpunga n'kumwazika mpaka pa nsapato za Diki.

Woimba uja anasiya nyimbo pakati.

"Musawadzutse!" anakuwa a Kapitawo akuthamanga. "Chotsani thumba lokhalo! Wina asawagwire khosi! Bweretsani chitseko cha kachipinda kaja!"

Amuna anazula chitseko n'kuwagoneka pamenepo mosamala, wina atawagwira mutu ndi manja awiri. Galimoto yaing'ono ya kampani inabwerera chambuyo kufika pomwepo. Diki anagwada pa mpunga paja. Bambo ake anali maso. Sankatha kutembenuka, choncho anangoyendetsa maso mpaka anamupeza.

"Ndamva, mwana wanga," ananong'ona. "Ndakumva bwinobwino."

"Ababa, pepani. Ababa..."

"A Kapitawo," anatero bambowo mokweza pang'ono, kuti onse amve. "Ndaterereka ndekha. Thabwali lasalala. Mukalembe choncho."

Koma bwalo lonse linali litamva kuitana kuja.

Bambowo anabwezera maso kwa Diki. "Iwe tenga malaya anga upite nawo kunyumba. Ukawauze mayi ako kuti ndatsalira, tikuwerengera katundu."

Anawakweza m'galimoto. A Kapitawo asanakwere anaima patsogolo pa Diki. Iye anadikira kuti amukalipire, ndipo kukalipako akanakulandira ndi manja awiri. Koma iwo anangoti, "Za kuwerengera katunduzo zisiye. Katenge mayi ako, mutipeze kuchipatala chachikulu."

Atatero anatembenuka thupi lonse, n'kumufulatira.

Wailesi anamuthandiza kutsitsa malaya pamsomali. Anamuperekeza mpaka pamphambano. Njira yonseyo sanatulutse liwu ngakhale limodzi. Posiyana anangomugwira dzanja, nalifinya, n'kumapita.

6. Pakhomo

Dzuwa linali likadali lotentha pamene Diki anafika kunyumba. Chitseko chinali chotsegula. Mng'ono wake ankasewera ndi zitsekero za mabotolo pakhonde. Mkati, mayi ake anali atayala bulangeti patebulo, akusita malaya ena oyera, a mawa.

Diki anaima pakhomo, hang'ala ili m'manja. Njira yonse anali akusankha mawu, koma onse anamuthawa, n'kutsala a bambo ake okha.

"Amayi, ababa akuti atsalira. Akuti akuwerengera..."

Mayi ake anaimika simbi. Anayang'ana malaya a mupulasitiki aja. Anayang'ana maondo a mwana wawo, pomwe panali patamatirira timbewu ta mpunga.

"Agwa pathabwa?" anafunsa.

Diki anatsamira chitseko.

"Mumadziwa?"

"Mwanawe, malaya osada pakolala amene ndimawachapa ndine. Mapewa otupa amene ndimawathowa ndi madzi otentha ndine. Mpando wa muofesi unayamba watupitsapo munthu mapewa? Ndinadziwa sabata yoyamba yomwe. Iwo anafuna kuti ndisadziwe, ndiye ine ndinasita malaya. Ali moyo?"

"Ali moyo. Akulankhula. Awatengera kuchipatala chachikulu."

Mayi ake anatseka maso kanthawi. Kenako anazimitsa simbi pakhoma, napinda malaya osatha kusitawo, nawaika pampando. Anavala nsapato mofulumira. Anakuwira mayi a nyumba yoyandikana nayo kuti awaonereko mwana wamng'onoyo. Pokhoma chitseko, kiyi anagwa pansi. Diki anamutola n'kuwapatsa.

Anayenda mwandawala kulowera kokwerera basi. Atatsala pang'ono kufika, mayi ake anachepetsa liwiro, ngati munthu amene wakumbukira chinthu.

"Koma pali chimene sindikumvetsa," anatero. "Bambo ako ndi munthu wosamala. Ngakhale kapu ya madzi saitaya. Anzawo amawaseka kuti amachedwa, koma chiyambireni ntchito imene ija sanaphonyepo phazi. Mkazi wa a Kapitawo anandiuza kuti pathabwa paja munthu wosamala sagwa yekha. Amagwa akaitanidwa."

Anaima pakati pa njira n'kumuyang'ana mwana wawo m'maso.

"Iwe unali pomwepo. Wawaitana ndani?"